Ozoni m'magazi ndi dayalisisi: makina ofanana, ntchito zosiyana

Mukaona zipangizo za dayalisisi ndi za njira yoika mpweya wa ozoni m'magazi mutha kuganiza kuti ndi chinthu chimodzi: magazi amatuluka m'thupi, kudutsa m'machubu, n'kubwerera. Kufanana kumathera pomwepo.

Dayalisisi imagwira ntchito ya impso zomwe zalephera. Imachotsa madzi ochuluka, potaziyamu (mtundu wa mchere wa m'magazi) ndi zinyalala monga yuriya, kawirikawiri katatu pa sabata, pafupifupi maola anayi ulendo uliwonse. Willem Kolff anapanga makina oyamba ku Netherlands mu 1943, ndipo lero makina a dayalisisi alipo ku zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central. Dayalisisi imatopetsa, imadula, koma dokotala amayeza magazi n'kuona zomwe zachoka.

Njira ya ozoni, yotchedwa EBOO, inayambira ku Italy. Imasakaniza magazi ndi okosijeni ndi ozoni, ndipo ogulitsa amati "imatsuka poizoni". Poizoni uti? Kafukufuku wake ndi wochepa, ndipo bungwe la FDA, loyang'anira zakudya ndi mankhwala ku America, limati ozoni ndi mpweya wapoizoni wopanda phindu lodziwika pa mankhwala. Choopsa china: kwa anthu osowa G6PD (chinthu cha m'thupi choteteza maselo ofiira a magazi), vuto lofala mu Africa muno, ozoni ingaswe maselo ofiira a magazi.

Wodwala impso akasiya dayalisisi n'kuthamangira ozoni, potaziyamu amakwerabe mpaka kuimitsa mtima.