Kachipangizo ka ELM327 kanandithandiza kupeza chimene chinkanjenjemeretsa pikapu ikangomwa petulo

Ndikukapatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ndi kachipangizo kakang'ono kabuluu kokwana m'chikhatho, kamene mumabaya pa soketi ya OBD2 kunsi kwa chiwongolero, n'kukalumikiza ku foni ya Android kudzera pa Bluetooth, kuti muwerenge pa foni zimene kompyuta ya galimoto ikunena za injini. Pabokosi panalibe dzina la kampani, panangolembedwa ELM327. Ine ndimakagwiritsa ntchito ndi pulogalamu ya Torque.

Pikapu yanga ndi ya petulo, ya masilinda anayi. Inkayenda bwinobwino masiku onse, koma ndikangodzaza thanki, pochoka pa pampu inkavuta kulira. Ikalira inkanjenjemera mpaka giya kumagwedezeka, muvi wa RPM, wosonyeza liwiro limene injini ikuzungulira, n'kumatsika kuchoka cha pa 750 kufika cha pa 500, kutsala pang'ono kuzima. Ndikayenda pang'ono, zonse n'kutheratu. Anzanga ankati akundithirira mafuta osakaniza ndi palafini, ena ankati musinthe mapulagi, ena pampu ya m'thanki. Koma mafuta oipa sangavute mphindi zochepa zokha n'kusiya, pamene m'thanki mukadali mafuta omwewo.

Kachipangizoka kanawerenga khodi imodzi, P0172, kutanthauza kuti injini ikulandira mafuta ochuluka kuposa amene akufunika pa mpweya umene ukulowa. Khodi yokhayo siuza munthu chinthu choti akagule. Chimene chinandithandiza kwambiri ndi manambala amene foni imaonetsa injini ikulira, makamaka amene amati fuel trim. Amenewa amasonyeza mmene kompyuta ya galimoto ikuwonjezerera kapena kuchepetsera mafuta. Injini yabwino imasewera pafupi ndi 0, osapitirira kwenikweni 10 mbali zonse ziwiri. Ndinafika pa filing'i siteshoni foni ili pa dashibodi, nambala ili bwino. Atangothira mafuta n'kuliza, inagwa kupitirira -20. Kompyuta inkalimbana n'kuchepetsa mafuta chifukwa petulo wina ankalowa mu injini mosadzera m'ma injekita.

Makaniko nditawaonetsa zimenezi sanagwire n'komwe mapulagi. Anapita pa kavalavu kamene amati purge valve. Galimoto za petulo zili ndi kachitini ka makala kamene kamasunga nthunzi ya petulo yochokera m'thanki kuti isamangotuluka panja, ndipo kavalavuka ndi kamene kamalowetsa nthunziyo mu injini kuti ipse. Kamayenera kukhala kotseka mpaka kompyuta itakatsegula. Mukamathira mafuta, nthunzi yonse ya m'thanki imakankhidwa, ndiye ngati kavalavu kakakamira kali kotsegula, imathamangira mu injini nthawi imodzi.

Anazula kawaya ka magetsi pa kavalavuko, n'kuchotsa kapaipi kochokera ku kachitini ka makala, injini ikulira. Anati, “Bwana, tayikani chala apa.” Chala changa chinakokedwa n'kumatirira pakamwa pa kavalavu. Popanda magetsi sipayenera kukhala kukoka kulikonse. Atakachotsa n'kukagogoda pachikhatho, munatuluka timibulu takuda ta makala. Kachitini nakonso kanali kolemera, kakununkha petulo wamadzi.

Gwero lake ambiri a ife tikulidziwa. Mafuta akamasowa, munthu wagona pa mzere usiku wonse, safuna kuchoka ndi thanki yosadzaza. Pampu ikadula yokha, othira amapitiriza pang'onopang'ono, ena mpaka kugwedeza galimoto kuti alowe ambiri. Petulo wowonjezerayo amakathera m'timapaipi ta nthunzi n'kunyowetsa makala, makalawo n'kuyamba kufumbutuka, timibulu n'kukatsamira kavalavu. Ndikumvetsa chifukwa chake timatero, koma malita awiri amenewo amabwera ndi ngongole yake. Tinasintha kavalavu ndi kachitini komwe, chifukwa kusintha kavalavu kokha n'kusiya makala ofumbutuka, katsopanoko kangawonongekenso. Ndinafufuta khodi ndi kachipangizo komweka. Panopa ndikadzaza, pikapu imalira kamodzi n'kukhazikika, fuel trim osasuntha kwenikweni. Pampu ikadula ndimati basi, tsekani.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Soketi ya OBD2 imakhala ndi magetsi ngakhale kiyi atachoka, ndiye kachipangizoka mukakasiya kobaya masiku ambiri galimoto itaima, kamadya batire pang'onopang'ono. Nthawi zina kamadula kulumikizana pakati pa ulendo, n'kufuna kukazula ndi kukabayanso. Ka Bluetooth wamba ngati kangaka sikagwira pa iPhone. Eni mafoni amenewo afunefune ka Wi-Fi kapena ka Bluetooth LE. Komanso pa pikapu yangayi kamawerenga za injini zokha, za mabuleki a ABS ndi ma airbag ayi.

Musanagule, yesani kaye pa galimoto yanu ngati wogulitsa alola. Galimoto zina zakale zochokera ku Japan zili ndi soketi yofanana ya mapini 16, koma sizilankhulana ndi kachipangizo kotere. Kapepala kobwera nako n'kachingerezi chovuta kumva ndipo sikafotokoza tanthauzo la manambala, choncho muyenera kukhala ndi makaniko womvetsa fuel trim, kapena muwerenge nokha.

Eni mapikapu a dizilo, omwe ndi ochuluka kwathu kuno, dziwani kuti zanu zilibe purge valve kapena kachitini ka makala. Yanu ikanjenjemera mutangothira mafuta, yambani ndi filita ya dizilo, mukhetse madzi kunsi kwake, muonenso ngati mpweya sukulowa m'mapaipi. Pa vuto limenelo kachipangizoka kangakuthandizeni pang'ono chabe, koma kwa mwini galimoto ya petulo ndinganene kuti gulani, muzikasunga m'galimoto.