Hanimuni ku hotela zapamwamba za mumzinda

Maluwa pabedi ndi botolo la vinyo n'zosangalatsa, koma ndalama zanu zikupita ku chipinda. Pemphani cha pansanjika yapamwamba, kutali ndi lifti komanso bala, apo ayi phokoso la magalimoto ndi la alendo obwera kumisonkhano likusowetsani tulo. Funsaninso ngati zenera likuyang'ana mzinda kapena khoma la nyumba ina, poti zithunzi zimanamiza.

Hotela zambiri zimalowetsa alendo 2 kapena 3 koloko masana, n'kuwatulutsa 11 kapena 12 koloko. Mukafika m'mawa, mutatopa ndi ukwati, mungokhala pa resepishoni, choncho kambiranani nthawiyi pasadakhale. Chikole chimene amatsekera pa khadi lanu la kubanki chimatenga masiku angapo kuti chimasulidwe. Hotela zina zimafuna kuona setifiketi ya ukwati, musaiwale kope lake.