Kukaona dzuwa likutuluka pa Mulanje: Chambe kapena Sapitwa?

Ku Chambe n'kosavuta kufikako. Mukanyamuka ku Likhubula m'mawa kudzera njira ya Skyline, masana muli m'chigwa cha Chambe pamwamba pa phiri, mukuwotha moto m'kanyumba ka alendo. Vuto lake n'loti chigwacho chili chakumadzulo kwa phiri, ndiye dzuwa limachedwa. Limayamba lafiiritsa thanthwe la Chambe pamwamba, inu pansi muli gwagwagwa ndi chisanu, mame ali mbuu pa udzu. Kukongola kulipo ndithu, koma dzuwalo mumaliona litakwera kale.

Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili, ndi nkhani ina. Mumagona m'kanyumba ka alendo ka ku Chisepo, n'kudzuka usiku nkhuku zisanalire. Tochi pamphumi, wokuperekezani patsogolo, n'kumakwawa pamiyala yoterera, pena kudzipanikiza m'mipata ya matanthwe ngati mbira. Pamwamba, mamita 3,002, palibenso chotchinga kum'mawa. Mitambo imakhala pansi panu ngati thonje loyanika, kuwala n'kutulukira chaku Mozambique. Zala zimakanika ngakhale kutsegula fulasiki ya tiyi.

Ngati muli ndi ana kapena mawondo ovuta, pitani ku Chambe. Ine ndimasankha Sapitwa, koma chiperoni chikangoyamba sindiyerekeza n'komwe, chifukwa m'nkhungu imeneyo anthu amasokera.