Pampu ya ram ya inchi imodzi: yabwino pa kamtsinje ka m'phiri, yopanda ntchito pa chitsime cha ku Glen View

Vuto la madzi mu Harare muno lachititsa kuti chilichonse chotchedwa pampu chizigulidwa msanga, ndipo pampu ya ram, yomwe sifuna magetsi, dizilo kapena dzuwa, ikukopa anthu kuposa zina. Tiyambe ndi kukhumudwitsa ena: pa chitsime kapena pa borehole siigwira ngakhale pang'ono, chifukwa mphamvu yake imachokera ku madzi oyenda amene akutsika. Mitsinje ya Mukuvisi ndi Marimba imayenda ndithu, koma zonyansa zimene imanyamula popita ku nyanja ya Chivero palibe munthu angafune kuzikweza m'thanki yake. Pampuyi ndi ya amene ali ndi munda kapena abale ku Honde Valley, Nyanga, Vumba ndi Chimanimani, kapena amene amatumiza katundu kumudzi ku Mulanje, Thyolo, Zomba ndi Dedza, kumene timitsinje timatsika m'makwawa chaka chonse.

Imene tikuunika pano ndi ija amisiri ang'onoang'ono amalumikiza ndi mafitingi a galvanised a inchi imodzi, mamilimita 25. Imakhala ndi zolumikizira mapaipi (ma tee awiri, manipo angapo ndi union), mavalavu awiri amkuwa osabweza madzi, mavalavu awiri otsekera, ndi chibotolo cha mpweya pamwamba. Ubwino wake waukulu uli pomwepo: mulibe chachilendo. Chilichonse chikatha mumachipeza m'mashopu a hardware a ku Graniteside kapena ku Siyaso ku Magaba, ndipo ku Mutare ndi ku Limbe chilikonso. Pampu yonse imalowa m'chikwama chimodzi, kaya mukukwera basi ku Mbare Musika kapena ku Road Port.

Nzeru yake ndi yakale, Joseph Montgolfier wa ku France anaipanga mu 1796. Madzi amatsika m'paipi n'kumatulukira pa valavu yotaya, imodzi mwa mavalavu awiri amkuwa aja. Liwiro likakula, valavuyo imatsekeka mwadzidzidzi, madzi amene anali kuthamanga aja amasowa kolowera, ndiye amakankha valavu yachiwiri n'kulowa pang'ono m'chibotolo cha mpweya. Mpweya wopanikizikawo ndi umene umawakweza kumtunda. Kenako valavu yotaya imagwanso, zonse n'kuyambiranso, pafupifupi ka 60 pa mphindi, usana ndi usiku.

Ogulitsa amakonda kunena kutalika kumene pampu ingakweze madzi, koma kuchuluka kwa madziwo amakudumpha. Masamu ake ndi awa. Tengani malita amene akulowa pa mphindi, chulukitsani ndi mamita amene madzi akutsika asanafike pa pampu, gawani ndi mamita amene mukufuna kuwakweza, kenako dulani pakati, chifukwa pampu ya mafitingi imataya pafupifupi theka la mphamvu. Malita 20 pa mphindi, kutsika mamita 2, kukweza mamita 20: mumapeza lita imodzi pa mphindi. Poyang'ana pa paipi munthu amada nkhawa kuti wabetsa ndalama, koma pa tsiku ndi malita 1,440. Banja la anthu 6 logwiritsa malita 50 aliyense limatenga 300, ndipo otsalawo amathirira dimba la masikweya mita 200 ngati mukuthira malita 5 pa sikweya mita. Mukafuna kukweza mamita 40 m'malo mwa 20, zonsezi zimatsika ndi theka. Ya inchi imodzi imameza malita apakati pa 6 ndi 23 pa mphindi, choncho wofuna kuthirira hekitala ya nthochi ayang'ane kwina. Ndipo ngati munda uli kumunsi kwa kasupe, pampu ndi yachani? Alimi ambiri a ku Honde amangoyala paipi yakuda, madzi n'kumatsika okha.

Musagule musanayeze mtsinje, ndipo muyeze mu Okutobala, osati mu Febuluwale. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Tchingani kamtsinje ndi miyala ndi pulasitiki kuti madzi onse adutse m'paipi imodzi, ikani chigubu cha malita 20, werengani masekondi. Chikadzadza m'masekondi 30, muli ndi malita 40 pa mphindi. Bwerezani katatu. Kutsika kwa malo yezani ndi paipi yoonekera ija amisiri omanga amalinganizira maziko. GPS ya pa foni imaphonya ndi mamita angapo, pamene pano mita imodzi ikusintha zonse.

Chifukwa cholimbikira za Okutobala n'chakuti kamtsinje ka m'phiri kalibe nkhokwe yaikulu. Kamadalira dera laling'ono la kumtunda kwake, mwina makilomita ochepa okha, lokhala ndi dothi losaya pamwamba pa thanthwe. Pungwe, Gairezi ndi Nyangombe imayambira kuzungulira phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, ndipo Ruo, Lichenya ndi Likhubula imatsika ku Mulanje, kumene Sapitwa imafika mamita 3,002. Mitsinje imeneyi siphwa chifukwa udzu, madambo ndi nkhalango za pamwambapo zimagwira mvula ndi nkhungu ngati chinkhupule n'kumatulutsa pang'onopang'ono, chiperoni n'kumawonjezera m'miyezi yozizira. Koma timitsinje tating'ono tothira m'mitsinjeyi timasiyana kwambiri, ngakhale tiwiri toyandikana. Kamene kumutu kwake kwadzadza paini, wattle kapena bulugamu kamachepa msanga m'chilimwe, pakuti mitengo imeneyi imamwa madzi ambiri kuposa udzu umene inalanda malo, ndipo ku Nyanga paini ndi wattle zafalikira zokha kunja kwa minda yake. Kamene kumtunda kwake alima mpaka m'mphepete kamabwera ndi matope mvula iliyonse. Kamene kuli makorokoza, okumba golide, monga mbali zina za Penhalonga ndi Chimanimani, kamafiira ngakhale kunja kuli ng'aa, ndipo mchenga wake umadya mavalavu. Choncho yendani wapansi mpaka kumutu kwa kamtsinjeko musanatulutse dola. Funsaninso agogo a pamalopo ngati kanaphwapo chaka cha chilala, iwo sangakunamizeni.

Chimene sichikhala m'katoni ndicho chodula kwambiri: paipi yotsitsira madzi, imene ogulitsa amaitcha drive pipe. Iyenera kukhala yachitsulo, yowongoka, yotsika njira yonse popanda pokwera. Paipi yakuda yofewa imafufuma pang'ono valavu ikatsekeka, ndiye nkhonya ya madzi ija imafooka m'paipi, pampu n'kumakweza madzi ochepa. Utali wake ukhale pakati pa ka 150 ndi ka 1,000 kukula kwa kamwa lake, kutanthauza mamita 4 mpaka 25 pa paipi ya mamilimita 25. Pa kutsika kwa mamita 2, mapaipi awiri a mamita 6 amakwanira bwino. Wogulitsa akakuuzani kuti paipi iliyonse imagwira, dziwani kuti sanaikepo pampu pa mtsinje. Yopita kumtunda ndiye ikhoza kukhala yakuda ya mamilimita 20, class 6, yopirira kupanikizika kwa ma bar 6, ngati mukukweza mamita 20 kapena 30, pokumbukira kuti mamita 10 aliwonse ndi bar imodzi. Ikwirireni, chifukwa moto wa tchire ndi makasu sizisankha.

Thupi la pampu tilibe nalo mawu, ndi lolimba. Pofooka ndi pa valavu yotaya. Amisiri ambiri amaika swing check valve yamkuwa atayimika chadodolido, chifukwa ndi yosavuta kupeza. Valavu imeneyi anaipangira kutseka mwa apo ndi apo, pamene pano ikugunda ka 86,400 pa tsiku, kuposa ka 31 miliyoni pa chaka. Kachitsulo kopyapyala kamene chitseko chake chimazungulirapo kamadyeka, chitsekocho chimayamba kukhala mopendekeka, madzi n'kumadontha pamene pafunika kutsekeka kotheratu. Chizindikiro chake ndi kugunda kosalongosoka, kenako kuima. Vuto lina n'lakuti valavu yotere siisinthika. Yabwino ndi ya bawuti yaitali yokhala ndi labala kunsi ndi manati pamwamba, yoti mukhoza kuwonjezera mawashala kapena kufupikitsa mpata umene valavu imayendamo. Mpata wautali ndi kulemera zimachedwetsa kugunda, pampu imameza madzi ambiri n'kukweza ambiri; mpata waufupi umafulumizitsa, pampu imamwa pang'ono. M'dzinja mumafuna zoyambazo, mu Okutobala zachiwirizo. Pampu ziwiri zikakhala pa tebulo limodzi, tengani ya bawuti ngakhale ikhale yokwera mtengo.

Chibotolo cha mpweya chiyang'anitsitseni. Ena amadula paipi ya PVC ya zimbudzi, ya mamilimita 110, n'kumata zotsekera. Imeneyi sinapangidwire kupanikizika, ndipo PVC yokhala ndi mpweya mkati siing'aluka mwaulemu, imaphulika zidutswa zakuthwa. Funani yolembedwa class 12 kapena 16 pambali pake, apo ayi yachitsulo, ngakhale botolo lakale lozimira moto. Chinanso, mpweya wa m'chibotolomo umasungunukira m'madzi pang'onopang'ono. Ukatha, pampu imagunda molimba ngati nyundo, paipi yopita kumtunda imanjenjemera, mazinga a mafitingi amayamba kutha. Mapampu abwino amakhala ndi kabowo kakang'ono, ka milimita imodzi, kunsi kwa valavu yachiwiri, koyamwira mpweya pang'ono pa kugunda kulikonse. Ya mafitingi nthawi zambiri ilibe, ndiye amaikamo chubu cha njinga chopopedwa pang'ono. Zimagwira, bola chubucho chikhale chatsopano, osati chokhala ndi zigamba zisanu.

Potengera madzi ndi pamene ntchito yeniyeni ili. Musalowetse paipi yachitsulo mumtsinje mwachindunji. Mangani kakhoma kafupi kongokweza madzi pang'ono, tengani madziwo ndi paipi yakuda ya mamilimita 40 kapena 50 yokhala ndi sefa kukamwa, muwathire mumgolo wa malita 200. Mchenga umakhazikika pansi pa mgolo, pomwe muika potsukira. Paipi yachitsulo ituluke cha pakati pa mgolowo, ndipo pamwamba pa kamwa lake pazikhala madzi osachepera masentimita 30, apo ayi imayamwa mpweya, ndipo mpweya m'paipi imeneyi umaimitsa pampu nthawi yomweyo. Sefa izitsukidwa sabata iliyonse. Masamba, ndere, nkhanu ndi achule zonse zimakonda pamenepo. Chizimalupsa chikagwa, phulusa ndi dothi la m'phiri lotenthedwa zimatsika tsiku limodzi, ndiye ndi bwino kutseka pampu mpaka madzi ayere.

Pampu yokha imangidwe ndi mabawuti pa simenti, pamwamba pa pomwe madzi osefukira amafika. Malirewo amaoneka pa zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo. Kamtsinje kolumphika ndi mwana kamatha kukunkhuniza miyala yaikulu ngati ng'ombe m'ola limodzi, mvula itagwa kumtunda kumene inu simunaione. A ku Chimanimani anaona zimenezi ndi namondwe wa Idai mu Malichi 2019, a ku Mulanje ndi Phalombe ndi Freddy mu Malichi 2023, ndipo dzina la napolo kwathu silinayambe dzulo. Kumbukiraninso kuti mwa malita 20 aja, 19 amatayikira pa pampu pomwepo. Akonzereni ngalande ya miyala yobwerera kumtsinje, kupanda kutero amafukula maziko. Bokosi lokhoma n'lofunika, mkuwa uli ndi msika.

Poyambitsa, tsekani valavu yopita kumtunda, tsegulani yolowetsa madzi, dikirani mpweya utuluke, kenako kankhani valavu yotaya ndi chala kapena kamtengo mobwerezabwereza, mwina ka 20 kapena 30, mpaka iyambe kugunda yokha. Mukatero tsegulani yopita kumtunda pang'onopang'ono kwambiri. Mukaitsegula yonse paipi ili yopanda kanthu, pampu imasowa choikankha n'kuima. Wodikira kuthanki asafulumire kuimba foni: paipi ya mamilimita 20 yotalika mamita 200 imasunga malita pafupifupi 40, choncho papita mphindi 40 dontho loyamba lisanaoneke. Valavu yotaya ikamakhala chotseguka, madzi akuchepa kapena valavu yalemera. Ikamakhala chotsekeka, valavu yachiwiri ikudontha kapena yagwira kamchenga. Ikamagunda bwino koma kumtunda kulibe kanthu, paipi yaboola penapake kapena mukupempha msinkhu woposa mphamvu yake.

Za malamulo n'zachidule. Muno mu Zimbabwe, Water Act ya 1998 imalola madzi a pakhomo, akumwa ndi a ziweto zochepa popanda chilolezo, koma othirira mbewu zogulitsa amafuna chilolezo cha catchment council, bungwe loyang'anira madzi a deralo, ndipo timitsinje ta ku Pungwe tili pansi pa council ya Save. Kulima mkati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje n'koletsedwa, ndipo apa pampu imathandiza, chifukwa dimba likhoza kusamukira kumtunda. Lankhulaninso ndi amfumu komanso a kumunsi musanamange kakhoma. Madziwo pampu siiwayeretsa: akumwa athiridwe klorini kapena awiritsidwe, kolera sasamala kuti madzi achokera m'phiri.

Poyerekeza ndi pampu ya sola, ya ram imapambana pamene pali kutsika kwa mita imodzi ndi theka kupita m'tsogolo, m'khwawa la mthunzi ndi nkhungu momwe mapanelo amavutika, ndiponso kumene wokonza ndi amalume okhala ndi sipanala ziwiri basi. Imagonja pa mtsinje wa pachidikha, pa madzi amatope, ndi pamene nyumba ili pafupi moti kugunda kwake kungasokoneze tulo. Ife timailimbikitsa, koma ya valavu ya bawuti ndi chibotolo cholimba yokha. M'chikwama chomwecho ikanimo valavu yachiwiri yapadera, labala wodula ku tayala lakale, chubu cha njinga ndi thread tape. Ngati ikupita kumudzi kudzera ku Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, mapaipi a mamita 6 aja musalimbane nawo pa basi, kaguleni ku Limbe.