Alamu ya kampani kapena mlonda pageti: werengani kontirato musanasaine

Makampani a zachitetezo mumzinda wa Tete ndi ku Moatize amagulitsa zinthu ziwiri makamaka: mlonda wokhala pageti, ndi alamu yolumikizidwa ku ofesi yawo, imene ikalira amatumiza galimoto. Kwa nyumba ya banja alamu ndi yabwino ndithu, ndipo pamwezi imatsika mtengo kuposa mlonda. Koma ubwino wake wonse wagona pa mphindi zimene galimotoyo imatenga kuti ifike, ndipo mphindizo zikangonenedwa pakamwa mulibe pogwira.

Choyamba funsani kumene galimoto imagona usiku. Nyumba ikakhala ku Matundo kapena ku Chingodzi pamene galimoto imaima kutsidya, mkati mwa mzinda, iyenera kuwoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel isanakufikeni. Ku Moatize ndi makilomita pafupifupi 20. Papepala pakhale mawu a Chipwitikizi akuti tempo de resposta (nthawi imene amatenga kuti afike), nambala ya mphindi, ndi chimene kampani ichite ikachedwa. Palembedwenso kuti muli ndi ufulu woyesa batani la ngozi usiku osawauza. Kwa a ku Ulongwe, Tsangano ndi Furancungo, ngati kampani ilibe galimoto m'boma lanulo, ndiye kuti mukulipira kuimbiridwa foni basi. Kumeneko mlonda, sayirini yokuwa kwambiri ndi anansi omvana zimathandiza kuposa.

Kenako zida, poti kuno n'zimene zimavuta. Bokosi la alamu limakhala ndi batire la 12V 7Ah. Likakhala latsopano, ndipo zida zonse zikukoka theka la ampeya, lingakusungeni maola pafupifupi 10 magetsi a kampani ya EDM atazima kapena mayunitsi olipiriratu a Credelec atatha. Koma batire la mtundu umenewu limadana ndi kutentha: madigiri 10 aliwonse pamwamba pa 25 amadula moyo wake ndi theka. Ndiye taganizani bokosi lokhomedwa m'denga, pansi pa malata, mu Okutobala wa ku Tete pamene kunja kwapitirira madigiri 40. Kanani zimenezo. Likhale pakhoma la mkati, pamthunzi, ndipo kontirato inene amene adzagule batire lina komanso pakapita miyezi ingati.

Kutentha komweko kumasokoneza timaso toona kuyenda kwa munthu. Timeneti timamva kusiyana kwa kutentha kwa thupi ndi kwa chipinda, choncho chipinda chikayandikira madigiri 37 timaona mofooka. Pazitseko ndi mawindo pemphani timaginito totsegula alamu chitseko chikangosuntha, osadalira timaso tokha. Waya wamagetsi wa pamwamba pa mpanda nawo umaluma bwino ngati zitsulo zake zapansi zakhomedwa mozama. Dothi louma la chilimwe limaufooketsa. Waluso ayeze ndi mita yoyezera magetsi inu mukuona. A ku Angónia, kumene mphezi sizisowa nthawi ya dzinja, afunse ngati zida zopsa ndi mphezi zili pa galanti, chifukwa nthawi zambiri sizikhalapo.

Alamu imalankhula ndi ofesi kudzera pa SIM. Dziwani ngati ndi ya Vodacom, Movitel kapena Tmcel, yesani netiweki pamalo enieni pamene bokosi likhale, ndipo dziwani wolipira SIM imeneyo. Bokosi la ma SIM awiri n'loyenera ndalama yake.

Mapepala a kampani ndi osavuta kuona: alvará (chiphaso chogwirira ntchito) yochokera ku Ministério do Interior (unduna wa za m'dziko), NUIT (nambala ya msonkho), ndi inshuwalansi ya responsabilidade civil (yolipira zimene kampani yawonongetsa kwa ena). Onaninso ngati mtengo wakuuzaniwo waphatikiza kale msonkho wa IVA wa 16%.

Mukasankha mlonda, nkhani ndi ya munthuyo. Amagwira maola angati, amamulandira ndani, akadwala amabwera ndani? Kodi kampani imamulipirira INSS, thumba la boma la penshoni ya ogwira ntchito? Mlonda wogwira usana ndi usiku osapuma amagona, ndipo simungamuimbe mlandu. Wochedwa kulandira malipiro mtima wake sukhala pageti panu. Inunso mukonze pobisala dzuwa ndi mvula, madzi akumwa ndi chimbudzi. Palembedwenso chimene kampani idzabweze katundu akasowa mlonda wawo ali pantchito, ndi malire a ndalamazo.

Tsamba lomaliza, la tizilembo ting'onoting'ono, ndilo limamanga anthu. Mukaona mawu akuti comodato, dziwani kuti zidazo mwangobwerekedwa, tsiku losiyana adzazula. Ngati mwagula, funani nambala yachinsinsi ya woika alamu ndi pasiwedi ya makamera, apo ayi kampani ina sidzatha kuzigwiritsa ntchito. Período de fidelização ndi miyezi imene simungachoke osalipira chindapusa. Renovação automática ikutanthauza kuti kontirato idzadzipitiriza yokha mukapanda kulemba kalata masiku a aviso prévio (odziwitsiratu kuti mukusiya) asanathe. Kwa wochita lendi nyumba izi n'zofunika kwambiri, makamaka ogwira ntchito ku migodi ya malasha amene angasamutsidwe mwadzidzidzi: funsani ngati kontirato imasamuka nanu, ndi mtengo wozula ndi kuikanso zida.

Kontirato imabwera m'Chipwitikizi. Itengereni kunyumba, wodziwa bwino chinenerocho akuwerengereni mzere ndi mzere, ndipo tsamba lililonse lisainidwe ndi mbali zonse ziwiri, inu mutsale ndi kope lanu.