Nkhanu zokhala m'zigoba za nkhono: zomwe ndaona pa miyezi yomwe ndaziweta

Chaka chatsala pang'ono kukwana chiyambireni kuweta nkhanuzi m'thanki ya madzi amchere. Ndili ndi mitundu iwiri, za miyendo yabuluu zotchedwa Clibanarius tricolor ndi zofiira zotchedwa Paguristes cadenati, zonse za ku nyanja ya Caribbean. Nkhanu zikuluzikulu sizivuta. Bola madzi azifunda madigiri 24 mpaka 26, mchere uzikhala pa 1.025 ukayeza ndi kachipangizo koyezera mchere kotchedwa refractometer, ndipo madzi akauma uziwonjezera opanda mchere, chifukwa mcherewo suuluka. Mankhwala a nsomba okhala ndi kopa asayandikireko, amazipha.

Ogulitsa amati zimayeretsa thanki. N'zoona, ndere ndi zakudya zotsalira zimatha. Chimene satchula n'chakuti za miyendo yabuluuzi n'zankhanza: zikasirira chigoba cha nkhono yamoyo zimaipha n'kulowamo. Kumwaza zigoba zopanda kanthu zamisinkhu yosiyanasiyana kumachepetsa khalidweli koma sikulithetsa. Zofiirazo n'zofatsa, ndipo amene ali ndi nkhono zambiri ndingamulangize zimenezi. Musathamangirenso kutaya nkhanu yooneka yakufa pamchenga. Kawirikawiri limakhala khungu chabe, mwiniwake wafundula ali phee m'chigoba.

Kuswana kumachitika pakokha. Yaikazi imanyamula mazira pamimba, m'kati mwa chigoba, ndipo imatulutsa ana usiku. Apa ndiye pagona vuto. Anawo, otchedwa zoea, safanana ndi nkhanu n'komwe, ndi tizinthu tongoyandama m'madzi. M'thanki yaikulu kukamacha amakhala atatha, ena sefa yawakoka, ena nsomba zadya. Poti amatsata kuwala, ndimazimitsa mapampu, n'kuwalitsa tochi pakona imodzi, n'kuwatunga ndi kapu. Ndimawalerera m'kathanki kapadera kopanda makona, kokhala ndi mpweya wotuluka ngati thovu pang'onopang'ono kuti asamire pansi. Chakudya chawo ndi ma rotifer, tizilombo ta m'madzi tating'ono kwambiri, ndi Artemia, katsomba kam'madzi amchere kofanana ndi shirimpi, wongoswa kumene. Kudyetsa ndi kusintha madzi ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ukangodumpha tsiku limodzi umapeza ambiri afa.

Akafundula kangapo amafika pa msinkhu wotchedwa megalopa, timanja topanira tayamba kuoneka, ndipo amatsikira pansi kukasaka nyumba. Ine ambiri andithera pamenepa. Amafuna tizigoba ta mamilimita awiri kapena atatu, tovuta kupeza, ndipo akasowa amadyana okhaokha. Mchenga wa zigoba zoswekasweka umakhala nato tina tathunthu, koma kutisankha kumafuna maso ndi kuleza mtima ngati kusankha miyala mumpunga. Amene afika polowa m'chigoba ndi ochepa kwambiri, ndipo akalowa savutanso: amadya zomwe makolo awo amadya.

Nkhanuzi ndingagulenso mosakayika, makamaka zofiira. Koma wofuna kuswetsa asonkhanitse kaye tizigobato ndi kuphunzira kuswetsa Artemia, nkhanu yaikazi isananyamule mazira.