Kaundula, laisensi kapena kungosiya: njira iti imachepetsa malonda a fodya?

Anzanga ogulitsa m'masitolo, nkhani ya ndudu timaikambirana ngati ili ndi mbali ziwiri zokha, kugulitsa kapena kusagulitsa. Koma mayiko ayesa njira zosiyanasiyana, ndipo sizilemera mofanana.

Yopepuka ndi ya ku Scotland. Kuyambira 2011 aliyense wogulitsa fodya amalembetsa m'kaundula wa boma, ndipo salipira kalikonse. Poyamba ndinkaiona ngati njira yachibwana, mpaka nditamvetsa mano ake: ukapezeka wolakwa katatu m'zaka 2, mwachitsanzo kugulitsa ndudu kwa mwana wosakwana zaka 18, khoti likhoza kukuletsa kugulitsa fodya mpaka miyezi 24. Vuto lake ndi lakuti chiwerengero cha masitolo sichitsika. Kaundula amangouza boma komwe tili.

Mzinda wa San Francisco ku America unapita patsogolo. Kuyambira 2015 chigawo chilichonse mwa zigawo 11 za mzindawu chili ndi malire a malaisensi 45, ndipo laisensi yatsopano siperekedwa pamalo oyandikana ndi sukulu kapena ndi wogulitsa wina pa mtunda wa mamita pafupifupi 150. Amene anali nayo kale sanalandidwe. Chiwerengero chimatsika pang'onopang'ono masitolo akamatsekedwa. Kwa ine iyi ndiyo yachilungamo, chifukwa sigwetsa munthu amene anamanga bizinesi yake malamulo akale akugwira ntchito, komabe laisensi imakhala chinthu chamtengo chimene mwini sitolo amaopa kutaya. Munthu woopa kutaya laisensi amafunsa chiphaso kwa mnyamata wooneka wamng'ono asanamupatse paketi.

Hungary anachita zamphamvu. Mu 2013 fodya anachotsedwa m'malo ogulitsira oposa 40,000 n'kusiyidwa m'masitolo apadera osakwana 7,000, momwe mwana saloledwa ngakhale kulowa. Mwachangu zinathekadi, koma panabuka madandaulo aakulu akuti malo ambiri anapatsidwa kwa anthu ogwirizana ndi chipani cholamula. New Zealand inakhazikitsa lamulo mu 2022 lotsitsa masitolo kuchoka pa 6,000 kufika pa 600, boma latsopano n'kulifafaniza mu 2024 lisanayambe n'kugwira ntchito.

Nanga kusiya mwa kufuna kwako? CVS, kampani ya mafamase ku America, inaleka kugulitsa fodya mu 2014, ikudziwa kuti itaya malonda a madola pafupifupi 2 biliyoni pachaka. Inati sizikugwirizana kugulitsa mankhwala ndi ndudu pa kauntala imodzi. Ndimawalemekeza, koma tisanamizane: kampani ya nthambi zoposa 7,000 ikhoza kupirira zimenezi. Wa sitolo imodzi mantha ake si phindu la paketi, lomwe nthawi zambiri n'lochepa, koma kasitomala amene akapita kwa mnzako kukagula ndudu amagulira komweko zina zonse. N'chifukwa chake dziko la Netherlands silinadikire chifundo cha eni masitolo: pa 1 Julaye 2024 linaletsa masupamaketi onse kugulitsa fodya tsiku limodzi, kuti pasakhale wotsala akudyera mnzake amene wasiya.

Mutandifunsa, ndingasankhe laisensi yokhala ndi malire ngati ya San Francisco, n'kuiphatikiza ndi chilango chomveka bwino ngati cha ku Scotland.